MAFUTA OFINYA KU MBEWU SI BAYODIZILO

Dizilo akasowa kapena akakwera mtengo, eni zigayo ndi alimi othirira ndi mapampu a injini amafunsa alangizi ngati n'kotheka kuthira mafuta a mpendadzuwa, mtedza kapena nsatsimanga m'thanki ya injini. Ambiri amatero chifukwa anamva za bayodizilo, ndipo amayesa kuti bayodiziloyo ndi mafuta omwewo otuluka m'makina ofinyira. Zinthu ziwirizi n'zosiyana, ndipo mlimi amene sanauzidwe kusiyanako angathe kuwononga injini imene anagula ndi ndalama za zokolola za zaka zingapo.

Vuto la mafuta osakonza

N'zoona kuti injini ya dizilo imalira ndi mafuta a mbewu. Pa chionetsero cha ku Paris m'chaka cha 1900 panali injini yotere yoyendera mafuta a mtedza. Vuto ndi lakuti mafutawa ndi olemera ndi onanda kuposa dizilo pafupifupi kakhumi. Timabowo ta injekitala tinapangidwa kuti tizipopera dizilo ngati nkhungu, koma mafuta onanda amatuluka m'madontho aakulu amene sapsa onse. Otsalawo amasanduka mwaye wolimba umene umatseka timabowoto ndi kumata ma ring'i a pisitoni, ndipo ena amatsikira mu oyilo n'kumuwononga. Choipa kwambiri n'chakuti zimenezi sizioneka msanga. Chigayo chimagaya bwinobwino masabata oyamba, mwini wake n'kuuza anzake kuti wapeza njira. Kenaka injini imayamba kuvuta polira m'mawa, kufuka utsi ndi kuchepa mphamvu.

Akatswiri a ku South Africa anakumana ndi vuto lomweli pamene anayamba kuyesa mafuta a mpendadzuwa m'mathirakitala m'chaka cha 1979, ndipo anatembenukira ku njira yosintha mafutawo m'malo mosintha injini.

Kapangidwe ka bayodizilo

Mafuta a mbewu ali ndi gilisalini m'kati mwake, ndipo ndiye amamanga tizigawo ta mafutawo titatutitatu. Popanga bayodizilo amachotsa gilisaliniyo. Pa lita imodzi ya mafuta atsopano amathirapo pafupifupi mamililita 200 a methanol m'mene asungunuliramo magalamu 3.5 a soda wopangira sopo. Amatenthetsa kufika pa madigiri 55 mpaka 60, osapitirira, popeza methanol amawira pa madigiri 65, ndipo amatakasa kwa ola limodzi. Zikadikha, gilisalini amatsikira pansi, bayodizilo n'kukhala pamwamba. Amamutsuka ndi madzi ndi kumuumitsa. Akatero amakhala wopepuka pafupifupi ngati dizilo, ngakhale mphamvu yake pa lita imachepa ndi gawo limodzi mwa magawo khumi kapena kucheperapo.

Kachasu sangalowe m'malo mwa methanol, chifukwa madzi amene ali m'kachasu amasandutsa mafutawo sopo. Methanol ndi poizoni: womumwa amachita khungu kapena kufa, ndipo amayaka msanga. Gilisalini wotsala pansi uja sali ngati wodzola wa m'sitolo, pakuti amakhala ndi soda ndi methanol. Motero ntchitoyi si yochitira pakhomo.

Bayodizilo amasakanizidwa ndi dizilo. Chizindikiro cha B5 chimatanthauza magawo 5 pa 100, B20 magawo 20. Amatsuka litsiro la m'thanki yakale, choncho sefa ya mafuta iyenera kusinthidwa msanga, ndiponso amafewetsa mapaipi a labala a injini zakale. Alimi asamusokoneze ndi ethanol wa ku nzimbe, monga amene anayamba kupangidwa ku Dwangwa m'chaka cha 1982. Ameneyo amasakanizidwa ndi petulo.

Za mbewu yofinya

Alangizi achenjere polimbikitsa alimi kulima mbewu za bayodizilo. Fakitale yaikulu imene inatsegulidwa ku Mount Hampden, pafupi ndi Harare, m'chaka cha 2007 inasowa mbewu zokwanira. Nsatsimanga imene inatamandidwa m'zaka zimenezo kuti imabereka pa nthaka yoguga inapezeka kuti imabereka pang'ono ikapanda mvula ndi chonde. Njere zake zili ndi mafuta okwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, koma n'zapoizoni, ndipo zotsalira pofinya sizidyetsedwa ziweto monga za mpendadzuwa. Mlimi amene ali ndi mafuta odyedwa ayambe wayerekeza mtengo wa lita yake pa msika ndi mtengo wa lita ya dizilo. Kawirikawiri amapindula pogulitsa mafutawo n'kugula dizilo.