KUDZIWA MASIKU AMENE MAYI ANGATENGE PATHUPI

Banja likakhala chaka kapena zaka ziwiri lopanda mphatso, mawu amachuluka pamudzi. Apongozi amanong'ona, ankhoswe amayenda, ndipo kawirikawiri mlandu umagwera mkazi. Izi zimachitika ku Nsambe, m'boma la Neno, monganso kwina konse m'dziko muno. Koma nthawi zina vuto si matenda ayi, koma kusadziwa masiku. Nkhani iyi ili kufotokoza kawerengedwe ka masikuwo.

Dzira limatuluka liti?

Pa mwezi uliwonse thupi la mayi limatulutsa dzira limodzi. Dziralo limakhala ndi moyo maola 12 kufikira 24 okha, pamene mbewu ya mwamuna ingathe kukhala m'thupi mwa mayi masiku 5. Kotero masiku amene mayi angaime ndi 6 basi: masiku 5 dzira lisanatuluke, ndi tsiku lotulukalo. Dzira limatuluka pafupifupi masiku 14 mayi asanasambenso.

Timapepala toyezera mkodzo

Masiku ano m'masitolo ena a mankhwala m'mizinda mumagulitsidwa timapepala toviika mu mkodzo. Timeneti si tija toyezera mimba. Iti timaonetsa chinthu china cha m'thupi chotchedwa LH, chimene chimachuluka maola 24 kufikira 36 dzira lisanatuluke. Timapepalato ndi togula, ndipo ulendo wochokera ku mapiri a Nsambe kupita ku Blantyre si waufupi. Mayi woyamba kuyeza chiyezereyezere angathe kutimaliza tonse tsiku lenileni lisanafike. Tsono ayambe wawerenga.

Tsiku loyamba kusamba ndilo tsiku 1. Awerenge kufikira tsiku lotsiriza asanasambenso, ndipo alembe m'kope kapena pa kalendala kwa miyezi itatu. Pa chiwerengero chimene wapeza achotsepo 17. Chotsalacho ndilo tsiku loyamba kuyeza. Wa masiku 28 ayambe tsiku la 11, wa masiku 30 ayambe la 13, wa masiku 32 ayambe la 15. Ngati miyezi yake isiyana, atenge mwezi waufupi kopambana.

Malangizo ake ndi awa:

1. Ayeze tsiku ndi tsiku pa nthawi imodzimodzi, pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 8 koloko madzulo, pokhapokha ngati pepala la malangizo la m'paketi linena nthawi ina.

2. Asamwe madzi ambiri kapena thobwa kwa maola awiri asanayeze, pakuti mkodzo umasukuluka.

3. Ayang'ane kapepalako pa mphindi zimene malangizo anena. Kakakhalitsa kamanamiza.

4. Timizere tiwiri pa tokha si yankho. Kamzere koyeza kayenera kuda mofanana ndi kanzake kapena kuposa. Ngati kali kotuwa, nthawi sinakwane.

5. Kamzere kakada, mayi ndi mwamuna wake akhale malo amodzi tsiku lomwelo ndi mawa lake. Bambo amene ali ndi ulendo wa kumsika kapena kuganyu achita bwino kuusuntha.

Amene alibe timapepala

Asataye mtima, pakuti thupi lokha limapereka chizindikiro. Dzira likayandikira, chinyezi cha mayi chimakhala choyera, choterera ndi chonanda ngati choyera cha dzira la nkhuku losaphika. Ndiponso banja lokhala malo amodzi pa masiku awiri kapena atatu aliwonse mwezi wonse siliphonya nthawiyo, ngakhale lisanagule kanthu.

Tsiku lopita kuchipatala

Kapepala sikachiza matenda. Sikangadziwe ngati njira za dzira zinatsekeka ndi matenda opatsirana kapena likodzo, ndiponso sikayeza mwamuna. Chaka chikatha osaona kanthu, banja lipite kuchipatala. Ngati mayi wakwanitsa zaka 35, lidikire miyezi 6 yokha. Mayi amene amadumphitsa miyezi osasamba asadikire konse.

Apite onse awiri, chifukwa m'mabanja ambiri otere vuto limapezekanso kwa mwamuna. Palibe chochititsa manyazi: m'chaka cha 2023 bungwe la World Health Organization linanena kuti pa anthu akuluakulu 6 alionse pa dziko lapansi, pafupifupi mmodzi amakumana ndi vuto la kusabereka pa moyo wake.

Poyambira ndi kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi kapena kwa anamwino a pa chipatala cha Nsambe, amene angatumize banjalo ku chipatala chachikulu cha pa boma la Neno pakafunika kutero. Aphunzitsi ndi onse odziwa kuwerenga ali kupemphedwa kuwerengera anzawo nkhani iyi, makamaka ankhoswe ndi anamkungwi, kuti ukwati usathe mwamuna ndi mkazi asanaonane ndi dokotala.