Tsiku Lamulungu ndi Masewera a pa Wailesi ya Kanema ku Britain

M'dziko la Britain muli anthu ambiri okalamba amene, akayamba kukamba za ubwana wao, sacedwa kuchula tsiku Lamulungu. Amati masiku amenewo m'misewu munali zii, masitolo anali otseka, ndipo madzulo banja lonse linali kukhala pamodzi kuonerera masewera a mafunso ndi a mphotho pa wailesi ya kanema. Maina a amuna amene anali kutsogolera masewerawo amawachula monga ngati ndi maina a abale ao. Nkhani ino ifotokoza za masewerawo, cimene cinacititsa kuti tsikulo likhale la bata, ndi cimene cinalisintha. Pakuti nkhani ya tsiku lopumula ikhudza munthu ali yense wa pa nchito, kaya wa m'sitolo, kaya wa mu mgodi.

Cifukwa cace kunali bata

Bata limenelo silinangobwera lokha ai, linali la lamulo. Lamulo la masitolo la caka ca 1950 linaletsa malonda ambiri pa tsiku Lamulungu ku England ndi ku Wales. Munthu anali kutha kugula nyuzipepa, mkaka, fodya kapena mankhwala, koma zobvala ndi katundu wa m'nyumba anali kuyembekeza Lolemba. Nyumba zomweramo mowa zinali kutseguka maola owerengeka masana ndi madzulo. Ngakhale mpira wa matimu akulu-akulu sunali kuseweredwa tsikulo kufikira caka ca 1974.

Wailesi ya kanema nayonso inali yocepa. Poyamba kunali nyumba imodzi yokha youlutsa, ya BBC. Yaciwiri, ya ITV, imene ipeza ndalama zace mwa kulengeza malonda, inayamba pa 22 September 1955. Yacitatu inadza mu 1964, ndipo yacinai mu 1982. Makina ojambulira zoulutsidwa kuti munthu adzaonere tsiku lina anafika m'nyumba za anthu wamba mocedwa, ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Motero wophonya sewero anali ataliphonya ndithu, ndipo Lolemba m'mawa ku nchito anali kungomvera anzace akuseka zimene iye sanaone.

Akulu-akulu a ku Kitwe, ku Mufulira kapena ku Luanshya sangadabwe nazo zimenezi. Iwo akumbukira kawailesi kochedwa Saucepan Special, kamene kanafika mu 1949, ndi m'mene anthu a nyumba zingapo anali kusonkhana pa khomo la mwini wace kumvera mau a ku Lusaka. Wailesi ya kanema itayamba ku Kitwe mu 1961, nyumba zokhala nayo zinali zowerengeka. Cinthu cikakhala cimodzi, anthu amaciunjikira.

Masewera ndi atsogoleri ao

Sewero loyamba kuchuka linali What's My Line?, ndiko kuti, kodi nchito yanga ndi yotani? Linacokera ku America, kumene linayamba mu 1950, ndipo BBC inaliulutsa kuyambira 1951 kufikira 1963. Linali ngati ndagi za pa moto madzulo. Mlendo anali kulowa, nasonyeza ndi manja okha kacigawo ka nchito yace. Ndipo anthu anai okhala pa gome anali kumfunsa mafunso amene yankho lace ndi inde kapena iai. Akalandira iai khumi asanaidziwe nchitoyo, mlendo wapambana. Mphotho yace sinali ndalama, koma kalata ya umboni yonena kuti anawagonjetsa. Mtsogoleri anali Eamonn Andrews wa ku Ireland, munthu waulemu ndi wofatsa, ndipo mwa ofunsa munali Gilbert Harding, amene anachuka cifukwa ca kupsya mtima msanga. Amuna anali kubvala masuti a phwando, akazi madiresi aatali, ngati anthu opita ku ukwati.

ITV itangokhala masiku atatu, pa 25 September 1955, inayamba Sunday Night at the London Palladium, cionetsero ca nyimbo, magule ndi nthabwala cocokera m'nyumba yaikulu ya zisudzo ya mu London. Pakati pa cionetserocho panali sewero lochedwa Beat the Clock, ndiko kuti kupikisana ndi koloko. Mwamuna ndi mkazi wace anali kuitanidwa kucokera mwa oonerera, napatsidwa kanchito koseketsa kuti akatsirize nthawi isanathe, khamu lonse likuwapenya. Mtsogoleri woyamba anali Tommy Trinder. Mu 1958 udindowo unapatsidwa kwa Bruce Forsyth, mnyamata wa zaka 30 amene anthu ambiri sanali kumdziwa, ndipo posacedwa dziko lonse linamdziwa. Luso lace linali la kuseka ndi munthu popanda kumcititsa manyazi. Mu 1960 oonerera cionetserocho anafika pa 20 miliyoni usiku umodzi. Mu December 1961, pamene bungwe la ocita zisudzo linali pa sitalaka, Forsyth ndi mnzace Norman Wisdom anacita cionetsero conse awiri okha. Gulu la oyimba la The Beatles linaonekera pomwepo mu October 1963.

Pambuyo pace kunadza The Golden Shot, kuyambira 1967 kufikira 1975, sewero locokera ku Germany limene linachuka pamene Bob Monkhouse anali kulitsogolera Lamulungu madzulo. Uta unamangidwa pa makina ojambulira, ndipo wougwira anamangidwa nsaru ku maso. Munthu ali kwao anali kumuuza pa lamya kuti apite kumanzere, kumanja, kumwamba kapena kumunsi, kufikira atanena kuti aponye mubvi. Popeza sewerolo linali kuulutsidwa nthawi yomweyo likucitika, zolakwika zonse zinali kuoneka, ndipo Monkhouse anali kuzisandutsa nthabwala.

Lotsiriza pa mndandanda umenewu, ndiponso limene likumbukika koposa, ndi Bullseye, kuyambira 1981 kufikira 1995, lotsogoleredwa ndi Jim Bowen, amene kale anali mphunzitsi wa sukulu. Opikisana anali kubwera awiri-awiri: mmodzi woponya timibvi pa thabwa lozungulira, monga amacitira m'mabawa, ndi mnzace woyankha mafunso. Ambiri anali anthu a nchito za manja, oyendetsa malole, a m'mafakitale ndi a m'migodi ya malasha. Pamapeto opambana anali kusankha kusunga zimene apeza kapena kuziika pa ngozi: akafika pa 101 ndi timibvi tisanu ndi kamodzi, anali kulandira mphotho yaikulu yobisika. Akalephera, Bowen anali kuwaonetsabe cimene akanalandira. Kawiri-kawiri cinali bwato la injini, ndipo anthu aseka kufikira lero kuti ena olipata anali kukhala kutali ndi nyanja.

Cifukwa cace mphotho zinali zazing'ono

Kucepa kwa mphotho sikunacokere m'kudzicepetsa kwa eni masewera. Ku America kunabuka mlandu waukulu. Eni sewero lochedwa Twenty-One anali kupereka mayankho mseri kwa opikisana amene anthu anali kuwakonda, kuti oonerera acuruke. Mu 1959 Charles Van Doren, mphunzitsi wa pa Columbia University amene anapata ndalama zambiri pa sewerolo, anabvomera pamaso pa aphungu a Nyumba ya Malamulo ya dzikolo kuti anali kuuzidwa mayankho. Oyang'anira wailesi ya kanema ku Britain anaika malire pa mphotho, ndipo kwa zaka zambiri munthu sanali kuloledwa kupata zoposa mapaundi 1,000. Malirewo anakwezedwa pang'ono-pang'ono, nacotsedwa mu 1993. Patapita zaka zisanu, mu 1998, kunayamba Who Wants to Be a Millionaire?, sewero la mphotho ya mapaundi 1,000,000. Kuyambira pamenepo maso a oonerera anali pa ndalama koposa pa munthu wopikisanayo.

M'mene tsikulo linasinthira

Eni masitolo akulu-akulu anali kudandaula kuti lamulo la 1950 linali kuwatayitsa malonda, ndipo ena anayamba kutsegula dala, nalipira faindi. Mu 1986 boma la Margaret Thatcher linafuna kucotsa ziletso zonse. Koma machalichi ndi bungwe la anchito a m'masitolo anagwirizana kukana, ndipo aphungu ambiri a cipani ca boma comwe anabvota motsutsa, kotero kuti bilo inagwa. Okanawo ananena kuti tsiku Lamulungu likasanduka tsiku la malonda, wosauka ndiye adzayamba kulitaya, pakuti sangathe kukana bwana akamuitana.

Komabe mu 1994 lamulo latsopano linalola masitolo aang'ono kutsegula m'mene afunira, ndi masitolo akulu kutsegula maola asanu ndi limodzi pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo. Wanchito wa m'sitolo anapatsidwa ufulu wa kukana nchito ya Lamulungu ngati apereka cidziwitso. Nthawi yomweyo nyumba zoulutsa zinacuruka cifukwa ca mbale za pa denga, kenaka kunadza intaneti ndi mafoni a m'manja. Lero m'nyumba imodzi atate, amai ndi ana atha kuonera zinthu zosiyana, yense pa kagalasi kace.

Kodi kale kunali bwino koposa?

Pamenepa anthu asiyana maganizo. Ambiri amene anali ana nthawi imeneyo akumbukiranso kuti tsikulo linali lotopetsa, lopanda kopita ndi lopanda cocita. Amai a m'nyumba sanapumule kweni-kweni, pakuti cakudya cacikulu ca mlungu wonse cinali ca Lamulungu masana, ndipo mbale zace zinali kuyembekeza iwo. Anamwino, apolisi ndi anchito a njanji anali pa nchito monga masiku onse. Ndiponso wailesi ya kanema ya zaka zimenezo inali ndi zace zonyansa: kuyambira 1958 kufikira 1978 BBC inali kuulutsa The Black and White Minstrel Show, m'mene Azungu anali kudzipaka nkhope zakuda poyimba, cinthu cimene anthu akuda okhala m'dzikomo anacidandaula.

Nanga anthu alira ciani? Masewera enieniwo sanathe onse. Ngakhale zithunzi zambiri za zaka zoyamba zinafafanizidwa kapena sizinasungidwe konse, zigawo za Bullseye ndi zina zipezeka pa YouTube, ndipo mu December 2024 ITV inaliukitsa sewerolo ndi mtsogoleri watsopano, Freddie Flintoff. Koma munthu woonera yekha pa foni sapeza cimene anali kufuna. Cimene cinatayika ndi kupumula kwa anthu onse nthawi imodzi. Wa mu mgodi amene agwira nchito ya mashifiti adziwa bwino kuti tsiku lopumula la Lacitatu, ana ali ku sukulu ndi anzace ali pansi pa nthaka, silifanana ndi tsiku limene komboni yonse ili pa nyumba. Ndiponso wokumbukira mau a Jim Bowen akumbukira pamodzi ndi mauwo atate ace pa mpando wao, ndi amai ace akubweretsa tiyi. Ndipo madzi akatayika saoleka.

Atsogoleri aja onse anapita. Eamonn Andrews anamwalira mu 1987, Bob Monkhouse mu 2003, Bruce Forsyth mu 2017 ali ndi zaka 89, ndi Jim Bowen mu 2018. Phulusa la Forsyth linaikidwa pansi pa bwalo la London Palladium, pamene anayambira kuchuka. Koma mkangano wa tsiku Lamulungu sunathe. Mu 2016 boma linafunanso kuonjezera maola a malonda ku England ndi ku Wales, ndipo Nyumba ya Malamulo inakana. Kufikira lero masitolo akulu a kumeneko atseka pofika 6 koloko madzulo, ndipo anchito ao abwerera kwao kukadya ndi ana ao.