Mphamvu ya cobalt-60 imatha bwanji?

Odwala khansa ochokera kwathu ku Chama amatumizidwa mpaka ku Lusaka, ku Cancer Diseases Hospital, kumene cheza cha cobalt-60 chathandizapo anthu ambiri. Chitsulochi sichikumbidwa chili chotere. Cobalt wamba, wonga wa ku Copperbelt, amaikidwa mu riyakitala ya nyukiliya, ndipo atomu ikameza neutron imodzi imasanduka cobalt-60. Ikangopangika imayambanso kusanduka nickel-60, moti pakatha zaka 5.27 theka lokha ndilo limatsala. Mu riyakitalamo kupangika ndi kuthaku kumachitikira limodzi, choncho akatswiri amakuwerengera ndi masamu amene Harry Bateman analemba mu 1910.

Chimene chimandikhudza ine n'chakuti kuchipatala mphamvu ya cobalt-60 imatsika pafupifupi 1 peresenti mwezi uliwonse. Wothandiza wodwala ayenera kumawonjezera nthawi yomuunika, apo ayi cheza chofika pachotupa chimachepa.