Gitala ya agogo idatsala pang'ono kupita pa K80 000

Titatha mwambo wa sadaka ya agogo aamuna ku Ntcheu, tidayamba kutulutsa katundu m'chipinda chawo. Kunsi kwa bedi kudatuluka kabokosi kakatali kodyedwa ndi chiswe pakona. Mkati mwake mudali chinthu chonga gitala koma chachilendo: thabwa lopanda mimba, khosi lokhuthala ngati mpini wa khasu, ndi nsambo zisanu ndi imodzi zokwera m'mwamba moti chala sichingazidinikize.

"Yopindika iyi, ingopita kwa ogula zitsulo," adatero malume.

Msuweni wanga adaijambula n'kuiponya pa Facebook. Dzuwa lisanalowe, munthu wina adalemba kuti ali ndi K80 000 pompopompo. Msuweni wina adafufuza pa Google, ataona mitengo ya m'madola adakuwa: "Aise, apa pali mamita!" Mkangano udabuka. Poti ine ntchito yanga ndi yofunsa mafunso, adandipatsa sabata imodzi kuti ndibwere ndi zoona.

Choyamba, gitalayo siyopindika. Imatchedwa lap steel. Woimba amaigoneka pamiyendo, dzanja lamanja likukhwacha nsambo pomwe lamanzere likutsetsereza kachitsulo kosalala pamwamba pake. Kaimbidweka kadayambira ku Hawaii kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo amene amatchulidwa kuti adakayambitsa ndi Joseph Kekuku. Kulira kodandaula kuja mumamva m'nyimbo za country zomwe makolo athu amakonda kumachokera ku banja la magitala amenewa. Kwathu kuno akuluakulu ankakatcha hauyani, ndipo oimba ngati Ndiche Mwarare ndi Daniel Kachamba wa ku Chileka ankadziwika nako. Ambiri ankangotenga gitala wamba n'kumatsetsereza botolo.

Funso lachiwiri lidali lakuti adaipanga ndani. Yomwe msuweni adaiona pa Google idali Rickenbacker yotchedwa Frying Pan, yomwe idatuluka mu 1932 ndipo ili m'gulu la magitala oyambirira amagetsi kugulitsidwa padziko. Imeneyo ndi ya aluminiyamu, thupi lake lozungulira ngati chiwaya, ndipo nsambo zimadutsa mkati mwa maginito opindika ngati chilembo cha U. Yathu ndi yathabwa lokutidwa ndi pulasitiki yonyezimira ngati mkati mwa chigoba cha nkhono. Maloto a mamita adathera pomwepo.

Dzina lapamutu lidagwa kalekale, padangotsala timabowo ta misomali. Koma kuseri kwa mutuwo kuli kachitsulo kakang'ono kokhomedwa, kolembedwa nambala. Umu ndi momwe inkachitira kampani ya Valco ya ku Chicago, yomwe inkapanga magitala a National ndi Supro, komanso ena ogulitsidwa m'maina ngati Oahu ndi Airline. Pickup yake, kachipangizo kamene kamatola kulira kwa nsambo n'kukutumiza ku sipika, nayonso ikufanana ndi za Valco: nsambo zimadutsa pansi pa kachitsulo kophimba.

Za zaka zake ndiye zidandisangalatsa kwambiri. Ndidapita nayo kwa mkulu wina wokonza mawailesi, tidamasula bwinobwino tizomangira, osadula waya ngakhale mmodzi. Kunsi kwa kabatani kokwezera mawu kuli kachitsulo kozungulira kotchedwa pot, ndipo makampani a ku America ankadindapo manambala. Atatu oyamba amatchula wopanga: 137 ndi CTS, 304 ndi Stackpole, 134 ndi Centralab, 140 ndi Clarostat. Otsatirawo ndi chaka ndi sabata. Pa yathu padalembedwa 1376214, kutanthauza CTS, chaka cha 1962, sabata ya 14.

Apa chenjerani pawiri. Ma pot akale kwambiri amakhala ndi manambala asanu ndi imodzi, chaka chili ndi nambala imodzi yokha, ndiye 7 akhoza kukhala 1947 kapena 1957. Komanso pot amangokuuzani tsiku lomwe iyeyo adapangidwa. Amatha kukhalitsa m'fakitale asanaikidwe, kapena wina adasintha pambuyo pake. N'chifukwa chake tidayang'ananso mtovu wolumikizira mawaya. Udali wakale, wosaoneka kuti wina adaugwirapo. Choncho gitalayi siyingakhale ya chaka cha 1962 chisanafike.

Nanga mtengo? Apa ndi pomwe ambiri timapusitsidwa ndi foni zathu zomwe. Mtengo umene munthu walemba pa intaneti ndi chikhumbo chake chabe. Pa Reverb ndi eBay pali poonera zinthu zomwe zidagulidwa kale, ndipo mtengo weniweni uli pamenepo. Ma lap steel ambiri a nthawi imeneyo ankapangidwira ophunzira, adapangidwa ochuluka, ndipo lero oimba ake ndi ochepa. Ambiri amapita pa madola mazana angapo, pomwe osowa ngati Frying Pan ndi amene amafika masauzande. Chotsaniponso ndalama yotumizira kunja ndi gawo la malo ogulitsirawo.

Chimene chimagwira mtengo ndi kukhala momwe idabadwira. Msuweni ankafuna kuipala ndi sandipepa n'kuipaka penti kuti ioneke yanyuwani. Akadatero, akadaitsitsa yekha. Zokala, dzimbiri pang'ono, ngakhale bokosi lodyedwa ndi chiswe lija, zonse ndi umboni. Pukutani ndi kansalu kouma basi.

Wa K80 000 uja nditacheza naye, ndidaona kuti mafunso ake onse adali pa pickup. Kenako ndidadziwa chifukwa. Woimba wa ku America Ry Cooder adaika pickup ya lap steel yamtunduwu pa Stratocaster yake, ndipo kuyambira pamenepo anthu amaisaka. Ma lap steel ambiri akale adaphwasulidwa chonchi, ngati mbuzi yophedwa chifukwa cha chikopa. Sindikuti mkuluyo ndi wakuba. Iye ankadziwa chimene akugula, ife sitinkadziwa chimene tikugulitsa.

Nditafotokoza zonsezi pakhonde, agogo aakazi, omwe adangokhala chete sabata yonse, adafunsa: "Mwathana nawo manambala anuwo?" Kenako adatiuza kuti agogo adaitenga ku Salisbury, komwe pano ndi Harare, ali woperekera zakudya m'hotela. Woimba wina adawapatsa m'malo mwa ngongole. Kumudzi kudalibe magetsi, ndiye ankaiimba chomwecho usiku, motsitsa, ndi botolo la mankhwala.

"Pobwera kuchokera ku Halale adalibe sutikesi, adanyamula imeneyi," adatero.

Malume sadayankhe. Gitala ikadali kwathu, ndipo zonse tidapeza tazilemba papepala n'kuika m'bokosi. Tsiku lina njala ikadzavuta mwina tidzaigulitsa, koma tidzatchula mtengo ndife. Pakadali pano ndikusaka amplifaya yobwereka kuti agogo aimve ikulira mokweza koyamba.