VOTI YA MUNTHU WA KUMUDZI: PHUNZIRO LOCHOKERA KWA CHANGATA

Nthaŵi zonse pamene chisankho chatha, m'misewu ya Blantyre ndi Lilongwe mumamveka mau amodzimodzi. Iwo amene chipani chawo chagwa amati: anthu a kumudzi atiphera dziko, sadziŵa kuŵerenga, amavotera mtundu wawo, ndipo amagulidwa ndi chitenje kapena kakuponi ka feteleza. Mau ameneŵa ayenera kuyesedwa bwino, pakuti kufikira masiku ano palibe kalembera amene anapezapo Malaŵi wa m'matauni. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse m'dziko lino, 84 amakhala kumidzi. Motero wonyoza voti ya kumudzi akunyoza chisankho chonse.

Malo abwino oyeserapo mauŵa ndi dera la Mfumu Yaikulu Changata m'boma la Thyolo, dziko la zitunda ndi minda ya tiyi. Boma limeneli linali ndi anthu oposa 720,000 mu 2018, ndipo ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri. Wapaulendo wochokera ku Limbe amaona tiyi wobiriŵira kuyambira m'mbali mwa msewu kufikira kumene maso alekeza. Chimene saona ndi midzi yopanikizika kuseri kwa maesiteti, kumene banja lonse limadalira kamunda kamene sikangatulutse chimanga cha chaka chathunthu. Pa chifukwa ichi ambiri amakatchola tiyi, dengu kumsana, nalipidwa monga mwa kulemera kwa masamba pa sikelo. Ena amayenda maganyu, ena amapita kukasaka ntchito m'tauni.

Kuchepa kwa malo kumeneku kuli ndi mbiri yake. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 Azungu anatenga malo aakulu m'mapiri a m'chigawo cha kumwera, ndipo Alhomwe ambiri amene anali kuthaŵa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique anakhazikika pa malo amenewo. Lendi yawo inali thangata, ndiko kugwirira ntchito mwini esiteti miyezi ingapo pa chaka, kaŵirikaŵiri nyengo ya dzinja pamene minda yawo inali kufuna khasu. Mu Ogasiti 1953, chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakhazikitsidwa, anthu a m'midzi ya Thyolo anauka, natseka misewu ndi mitengo ndi kudula mawaya a telefoni. Chipwirikiticho chinafalikira m'maboma oyandikana, ndipo anthu 11 anaphedwa. Thangata linathetsedwa ndi lamulo mu 1962. Zidzukulu za anthu amenewo ndizo zimaima pa mzere tsiku la chisankho lero, ndipo ndale sizinazidziŵire pa wailesi.

Tsono tiyese mlandu woyamba, wakuti wa kumudzi sadziŵa chimene akusankha. Pa 14 Juni 1993 Amalaŵi anafunsidwa kusankha pakati pa chipani chimodzi ndi zipani zambiri. Chizindikiro cha mbali ina chinali tambala wakuda, cha mbali inayo nyali. Anthu oposa 60 mwa 100 alionse anasankha nyali, ndipo m'chigawo cha kumwera anaposa 80. Mizinda yokha sikadatha kufikitsa chiŵerengero chotere. Anali alimi ndi otchola tiyi, ambiri a iwo osadziŵa kulemba dzina lawo, amene anatembenuza ulamuliro wa zaka pafupifupi 30 popanda mfuti.

Mlandu wachiŵiri ndi wa mtundu, ndipo uwu suyenera kukanidwa wonse. Ndi zoona kuti kuyambira 2009 boma la Thyolo lakhala likupereka mavoti ochuluka kwa chipani cha DPP, chimene anayambitsa Bingu wa Mutharika, mwana wa m'bomali, ndipo pambuyo pake anachitsogolera mng'ono wake Peter Mutharika. Komatu ambiri aiŵala za 1999. Chaka chimenecho Bingu yemweyo anapikisana pa mpando wa pulezidenti ndi chipani chake cha United Party, ndipo sanafikitse ngakhale voti imodzi mwa mavoti 100. Anthu a kwawo anavotera Bakili Muluzi wa ku Machinga. Magazi a Bingu sanasinthe pakati pa 1999 ndi 2009. Chimene chinasintha ndi chakuti kuyambira nyengo ya ulimi ya 2005 boma lake linayamba kugaŵa makuponi ogulira feteleza ndi mbewu pa mtengo wotsika, dziko litangotuluka m'njala zoopsa za 2002 ndi 2005. Mu 2009 iye anapambana ndi mavoti pafupifupi 66 mwa 100 alionse, napeza ochuluka ngakhale m'chigawo cha kumpoto, kumene kulibe abale ake. Ndiponso kuvota motsata kwanu si nthenda ya kumudzi kokha: munthu wa ku Ndirande kapena ku Kawale nayenso amakumbukira kumene kuli manda a makolo ake akaloŵa m'chipinda chovotera.

Mlandu wachitatu ndi wakuti wa kumudzi amagulidwa. Kugaŵa ndalama ndi katundu pa misonkhano ya ndale kulipodi, kotero kuti Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la zipani la 2018 loletsa mchitidwewu. Koma kukadakhala kuti chitenje ndicho chimagula voti, aphungu okhala kale pa mpando, amene ali ndi zogaŵa zambiri, sakadagwa. Zoona zake n'zakuti pa zisankho zingapo zotsatizana aphungu oposa theka sanabwerere ku Nyumba ya Malamulo, ndipo mu 2014 oima paokha anatenga mipando 52 mwa 193. Wovota amalandira chitenje, amavina pa msonkhano, koma voti yake ndi yachinsinsi. Amatha kusankha pulezidenti wa chipani china ndi phungu wopanda chipani tsiku limodzi, poŵerengera yemwe anakonzetsa mlatho kapena mjigo.

Nanga kusiyana kwenikweni kuli pati? Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Wa m'tauni amamva kuŵaŵa pamene mafuta a galimoto asoŵa, magetsi azima, ndalama zakunja zatha, kapena ufulu wolankhula waponderezedwa. Ndicho chifukwa chake zionetsero za pa 20 Julaye 2011, zimene zinaphetsa anthu pafupifupi 20, zinachitika m'mizinda. Wa kwa Changata amamva kuŵaŵa pamene thumba la feteleza lakwera, chimanga chasoŵa pa msika wa ADMARC, malipiro a ku esiteti sakugulanso ndowa ya chimanga, kapena matenda a chisaka apululutsa nthochi zimene zinali kuphunzitsa ana m'midzi ya Thyolo. Onse aŵiri amaŵerengera phindu lawo, ndipo palibe mwa iwo amene ali mbuli chifukwa cha kutero.

Pamene zoŵaŵa ziŵirizi zakumana, tauni ndi mudzi zimayankhula chimodzi. Khoti litafafaniza chisankho cha 2019 pa 3 Febuluwale 2020, Lazarus Chakwera anapambana pa 23 Juni chaka chomwecho ndi mavoti pafupifupi 59 mwa 100, atalonjeza mwa zina feteleza wa K4,495 pa thumba. Kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya chimanga, feteleza ndi mafuta inakwera pamodzi, ndipo pa 16 Sepitembala 2025 Peter Mutharika anabwerera ndi mavoti pafupifupi 57 mwa 100. Maulendo onse aŵiri boma lokhala pa mpando linagwa, ndipo chiŵerengero chotere sichikadatheka popanda midzi.

Chomvetsa chisoni ndi chakuti kunyozana kumeneku kumabisa nkhani imene ili yaikulu kwa anthu a Thyolo, ndiyo ya malo. Mu 2016 anthu a m'midzi, motsogozedwa ndi bungwe la People's Land Organisation, analoŵa m'malo a esiteti ya Conforzi kuti alime, ndipo apolisi anawabalalitsa. Tiyi amabweretsa ndalama zakunja zimene m'tauni amagulira mafuta ndi mankhwala, koma otchola tiyiyo alibe polima pokwanira. Chipani chimene chidzayankhe funso ili mosanamiza chidzamvedwa kwa Changata, kaya mtsogoleri wake achokere chigawo chiti. Ndipo wa m'tauni amene amalandira thumba la ufa kuchokera kumudzi mwezi ukathina, angachite bwino kufunsa mbale wakeyo chifukwa chimene anavotera motero, asanamutche wachimidzi.