Kuchoka ku Mphunzi mpaka ku Lichinga pa sitima: dongosolo lake ndi ili

Ambirife kuno ku Mphunzi tinakula tikuiona sitima pa zithunzi basi, chonsecho njanji imadutsa m'boma lathu lomwe lino, kumunsi ku Golomoti ndi ku Mtakataka. Ndiye funso limabwerabwera m'magulu a WhatsApp: kodi munthu angathe kukwera sitima n'kutuluka nayo dziko lino? Yankho ndi eya, bola mudziwiretu kuti si sitima imodzi. Ulendo umene ine ndikuuona kuti mthumba mwa wachinyamata mungaukwanitse ndi wopita ku Lichinga, likulu la chigawo cha Niassa ku Mozambique, dera la mapiri, nkhalango za mitengo ya mombo ndi minda ya paini.

Chigawo choyamba n'chapamsewu. Mutulukire pa M1, mukwere minibasi kapena basi yodutsa ku Ntcheu mpaka ku Balaka. Kumeneko ndi kumene mungaipeze sitima ya anthu ya kampani ya CEAR, imene yakhala ikuyendetsa njanji za dziko lino kuyambira 1999. Sitimayi imachokera ku Limbe, ndipo yopita kumalire imakhota pa Nkaya, kuoloka Shire pa Liwonde, n'kudutsa m'boma la Machinga mpaka ku Nayuchi. Njanji ya Nkaya mpaka Nayuchi inatsegulidwa mu 1970 pofuna kulumikiza Malawi ndi doko la Nacala.

Apa pali chinthu chimene chimasokoneza anthu ambiri. Mukakhala ku Liwonde muziona masitima aataliatali akudutsa pafupipafupi, nkumaganiza kuti zoyendera n'zosasowa. Ayi ndithu. Amenewo ndi a malasha, ochokera ku Moatize m'chigawo cha Tete kupita ku Nacala, mtunda wa makilomita oposa 900, ndipo sanyamula munthu. Ya anthu siyenda tsiku lililonse, komanso masiku ake amasinthasintha. Musadalire positi yakale ya pa Facebook. Funsani pa siteshoni ya Balaka kapena ya Liwonde sabata yomwe mukunyamukayo, ndipo mufike tsiku limodzi msanga, mugone konko.

Pa Nayuchi sitima ya kwathu yathera pomwepo. Mutsike, mudinditse pasipoti ku ofesi ya zolowa ndi kutuluka, kenako muoloke kamtunda kakafupi wapansi kapena pa kabaza kukafika ku Entre Lagos. Dzinali n'la Chipwitikizi, kutanthauza pakati pa nyanja, chifukwa malowa ali pakati pa Chilwa ndi Chiuta. Kumeneko mudinditsenso. Mmalawi safunika viza akamakacheza ku Mozambique kwa masiku osapitirira 30, koma pasipoti yokhayo n'njosazembeka. Ndikudziwa kuti kuno tinazolowera kulowa ku Angónia ngati tikupita kudimba, ena ndi kachitupa ka pamalire, ena popanda kanthu. Zimenezo sizingakufikitseni ku Lichinga. M'njira muli apolisi amene amafunsa zikalata, ndipo munthu wopanda chidindo cholowera amakhala wapalamula, ndalama yonse ya ulendo n'kuthera pomwepo. Mukadinditsa, yang'anani masiku amene akulemberani musanachoke pa windo.

Kuchoka ku Entre Lagos kufika ku Cuamba ndi makilomita pafupifupi 77. Mukapeza kuti si tsiku la sitima, pali timagalimoto tonyamula anthu timene kumeneko amati chapa. Cuamba ndiye mphambano: njanji ina imalowera kum'mawa ku Nampula, ina kumpoto ku Lichinga. Ya ku Lichinga n'njotalika makilomita 262. Inakhala zaka zambiri itaonongeka, ndipo anaitsegulanso mu 2016 ataikonza. Nayonso ili ndi masiku ake, choncho mukangofika ku Cuamba pitani kaye ku siteshoni, malo ogona muwafune pambuyo. Mawu atatu awa akuthandizani: comboio ndi sitima, bilhete ndi tikiti, estação ndi siteshoni.

Nanga kumeneko kuli chiyani? Sitima ikamachoka ku Cuamba mumaona mapiri amiyala ngati a kwathu kuno, kenako imakwera pang'onopang'ono kudutsa m'tchire la mombo. Niassa ndi chigawo chachikulu kuposa zonse ku Mozambique koma anthu ndi ochepa, n'chifukwa chake mitengo yachilengedwe ikadalipo yambiri. Kwa ife amene timaona matumba a makala akutuluka m'Dzalanyama tsiku ndi tsiku, zimenezi zokha n'zoyenera kukaona ndi maso. Lichinga ili pamwamba, mamita oposa 1,300, yozunguliridwa ndi paini, ndipo mu June ndi July kumazizira ngati ku Dedza konkuno. Juzi musaisiye. Mukafuna nyanja, tsikirani ku Meponda kapena ku Metangula, ku gombe la kum'mawa kwa nyanja yathu yomweyi, imene iwo amati Lago Niassa. Kumeneko anthu ambiri amalankhula Chinyanja, ndiye mumvana bwinobwino. Ku Lichinga kwenikweniko Chiyao chimathandiza kwambiri.

Chenjezo limodzi. Nkhalango yotchuka ya Niassa Special Reserve, ya masikweya kilomita oposa 42,000, ili kutali kumpoto chakum'mawa ndipo sitima sifikako. Nkhondo ya zigawenga imene inayamba ku Cabo Delgado mu 2017 inafikako m'boma la Mecula, mkati mwa nkhalangoyi, mu 2021. Imeneyo musaiike pa pulogalamu ya ulendo woyamba.

Pa nkhani ya ndalama, kumeneko amagwiritsa ntchito metical. Osintha ndalama a pamalire amadziwa kuti mlendo alibe kothawira, ndiye onani mtengo wake pa intaneti musanafike, muwerenge nokha ndalama akupatsanizo musanapereke zanu. Musadalire Mpamba kapena Airtel Money pogula chakudya ndi matikiti. Netiweki za kumeneko ndi Vodacom, Movitel ndi Tmcel, ndipo pogula simu amafuna pasipoti. Bajeti yanu ikhale ndi masiku awiri apadera a chakudya ndi pogona, chifukwa kuphonya sitima imodzi kumasuntha ulendo wonse. Mukapita anthu atatu kapena anayi, chipinda mumasonkherana.

Nthawi yabwino ndi kuyambira May mpaka October. M'dzinja mvula imatha kukokolola njanji ndi misewu, ndipo tonse tikukumbuka zimene namondwe Freddy anachita kummwera mu March 2023. Tenganinso neti kapena mankhwala othamangitsa udzudzu. Ife akumapiri malungo a ku Liwonde ndi ku Nayuchi amatigwetsa msanga. M'chikwama musasowe madzi, kamba, tochi ndi power bank.

Pobwerera simukuyenera kudikiranso masitima onsewo. Kwerani chapa kuchoka ku Lichinga mpaka ku Mandimba, mudinditse potuluka, muoloke pa Chiponde n'kutsikira ku Mangochi. Kuchoka apo ndi minibasi kudzera ku Liwonde kapena ku Golomoti, n'kukwera phiri kubwerera ku Dedza. Ulendo wonse muupatse sabata yathunthu. Ngati pasipoti mulibe, yambirani pamenepo, zinazi zibwere pambuyo.