Khomo la Cimbale: Luso la Menyu ndi Zilembo Zoyenda pa Vidiyo

Mwezi wathawu ndinapita kukacezera azakhali anga, amai okalamba amene maso ao ayamba kucita nkhungu koma makutu akali akuthwa. Titatha kulonjerana ndi kufunsana za odwala, anatuma mdzukulu kuti akatenge m'sutukesi cimbale ca ukwati wa mwana wao wotsiriza, umene unacitika zaka zoposa khumi zapitazo. Cinali cokulungidwa m'citenje pamodzi ndi makadi a ubatizo. Makina oonetsera DVD anapukutidwa fumbi, tonse tinakhala cete, ndipo cimbale cinalowa.

Coyamba kuoneka sicinali ukwati ai. Panabwera dzina la situdiyo likuzungulira ngati kamvulumvulu, kenaka mitima yofiira yogwa ngati matalala, kenaka nkhunda ziwiri zonyamula mphete. Mdzukulu anadina batani lodumphira, koma pa ngodya ya TV panangooneka kacizindikiro kokana. Tinadikira. Pamene linafika tsamba losankhira, ili limene acinyamata amalicha menyu, mau ake anali a zilembo zopyapyala zopotanapotana, zoyera pamwamba pa diresi loyera la mkwatibwi, ndipo dzina la mkwati linadulidwa m'mphepete mwa galasi. Azakhali anafunsa kuti, "Kodi Misa ili pati pamenepa?" Palibe anayankha, pakuti ngakhale mdzukulu sanathe kuona kuti rimoti yaloza pa mau ati. Anangodina mwamwai, ndipo tinapezeka tili kale ku madyerero, anthu akuvina, malumbiro titawaphonya.

Wojambula uja sindimuchula dzina, ndipo kunena zoona ukwati weniweniwo anaujambula bwino ndithu. Akulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere, koma apa zinatembenuka: m'kati munali mokoma, nyerere zinadzaza pakhomo. Ndinabwerako ndi funso m'mutu, lakuti kodi luso lomanga khomo la cimbale linacokera kuti, nanga amene amalidziwa bwino amatsata ciani?

Zilembo zinayamba kuyenda cimbale cisanabadwe

Kale m'nyumba zoonetsera kanema ku America, maina a ocita sewero anali ngati mndandanda wa okhoma msonkho: zilembo zoima cilili pa cinsalu, anthu nkumaceza podikira kuti sewero liyambe. Munthu amene anasintha maganizo a ambiri pa zimenezi ndi Saul Bass, wojambula wa ku New York, wobadwa mu 1920. M'caka ca 1955 anakonza ciyambi ca kanema wochedwa The Man with the Golden Arm, wosimba za munthu wogwidwa ukapolo ndi mankhwala osokoneza bongo. M'ciyambimo Bass sanaonetse nkhope ya Frank Sinatra, ngakhale kuti ndiye anali mwini sewero ndiponso munthu wochuka. Anangoika mizere yoyera yolowa ndi kutuluka pa mdima motsatana ndi nyimbo, ndipo pomaliza mizereyo inasanduka mkono wopindika. Woonera asanamve liu limodzi, anali atadziwa kale kuti nkhani iyi ndi ya mkono umene wasautsa mwini wake. Pambuyo pake Bass anagwira nchito ndi Alfred Hitchcock pa Vertigo mu 1958 ndi pa Psycho mu 1960.

Amene anamuthandiza kupanga mizere yozungulira ya mu Vertigo ndi John Whitney, munthu amene anatenga makina otsala pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, olozera mfuti zoombera ndege, nawasandutsa cida cojambulira. Mu 1960 anacha kampani yake Motion Graphics, mau amene luso lonseli limadziwika nao m'Cingerezi kufikira lero. Zimene Whitney anacita ndi zitsulo zolemera zinafika pa kompyuta ya pa tebulo mu 1993 ndi pulogalamu ya After Effects, imene inalowa m'manja mwa kampani ya Adobe mu 1994, ndipo ojambula akuigwiritsabe nchito.

Ine ndikaona nchito ya Bass ndimaphunzirapo cinthu cimodzi, cakuti cithunzi ciyende pokhapokha ngati kuyendako kukunena kanthu. Mitima yogwa ija sinanene kanthu za banja la azakhali. Ikanagwa cimodzimodzi pa ukwati wa munthu wina aliyense, pakuti inabwera yokonzedwa kale m'pulogalamu.

Kaseti inalibe khomo

Ife amene tinazolowera kaseti ya vidiyo tikumbukira kuti inalibe cosankha. Umaika, nuyambira pamene anasiyira mnzako, ndipo pofuna nyimbo ya kumapeto umathamangitsa tepi mongoyerekeza. Mu 1995 makampani akuluakulu, mbali ina Sony ndi Philips, mbali ina Toshiba ndi anzake, analeka kukangana nagwirizana pa mtundu umodzi wa cimbale. DVD inayamba kugulitsidwa ku Japan kumapeto kwa 1996, caka comwe Saul Bass anamwalira, ndi ku America kuciyambi kwa 1997. Cimbale cimodzi cimatha kunyamula makanema osiyana okwana 99, mau a zinenero 8, ndi mau olembedwa m'munsi a mitundu 32. Katundu woculuka conco afuna mlozo, ndipo mlozowo ndiyo menyu. Apa panabadwa nchito yatsopano, ya munthu amene sagwira kamera, sadula kapena kulumikiza zithunzi, koma amamanga khomo ndi makonde a cimbale.

Menyu ili ndi zigawo ziwiri zosanjikizana. Pansi pali cithunzi, coima kapena coyenda, pamodzi ndi nyimbo. Pamwamba pali kagawo kena, kamene nchito yake ndi kuwalitsa malo amene rimoti yaloza. Kagawo aka ndi kosauka kwambiri. Kamalola mitundu inai yokha pa nthawi imodzi, ndipo umodzi mwa inaiyo kawirikawiri umasiyidwa woonekera kuti cithunzi ca pansi cisabisike. Mabatani pa tsamba limodzi sangapitirire 36. Cithunzi conse, m'maiko otsata dongosolo la PAL monga lathu lino, ndi timadontho 720 copingasa ndi 576 cotsika. Foni imene ili m'thumba mwanu lero imajambula zoposa pamenepo kutali.

Umphawi umenewu ndiwo unaphunzitsa amisiri abwino mwambo. TV zakale zija za cimimba kumbuyo zimabisa m'mphepete mwa cithunzi, iliyonse mosiyana ndi inzake. Cifukwa cake lamulo la amisiri linali lakuti mau onse akhale m'kati, kusiya gawo limodzi mwa magawo khumi mbali iliyonse. Pa kompyuta ya wojambula uja dzina la mkwati liyenera kuti linaoneka lonse, koma pa TV ya azakhali linataya zilembo zitatu. TV zomwezo zimaonetsa cithunzi modumphitsa mizere, ulendo woyamba mizere ina, waciwiri yotsalayo, motero kamzere kopyapyala kogona kamanjenjemera ngati tsamba pa mphepo. Zilembo za timicira tokongola, zimene timazikonda pa makadi oitanira anthu ku ukwati, pa TV yotere zimavina mpaka maso kuwawa. Mtundu wofiira kwambiri nao umasefukira m'mbali ngati inki pa pepala lonyowa. Mmisiri wodziwa amasankha zilembo zonenepa, zazikulu, zosiyana bwino ndi cithunzi ca kumbuyo, ndipo powalitsa amaika cizindikiro coonekera patali, kaya kamzere kacikasu kapena muvi, kuti ngakhale wokhala pa mphasa kuseri kwa anthu aone pamene paloza.

Nyimbo yobwereza ndi batani lokana

Menyu yoyenda ndi kavidiyo kakafupi, nthawi zambiri kosafika mphindi imodzi, kamene kakafika kumapeto kamabwerera poyamba. Pobwererapo makina amaima pang'ono kufunafuna malo pa cimbale. Wocenjera amabisa kadzenje kameneka: cithunzi comaliza amacifananiza ndi coyamba, nyimbo amaitsitsa pang'onopang'ono pamene oimba apuma. Wosasamala amadula nyimbo pakati pa liu. Aliyense amene anagonapo tulo akuonera kanema, nadzidzimuka pakati pa usiku kacidutswa komweko ka nyimbo kakubwereza kosalekeza, adziwa cifukwa cake amisiri ena anafika posankha menyu ya cete.

Nanga kacizindikiro kokana kaja? DVD imapatsa wokonza cimbale mphamvu yotseka mabatani ena a rimoti pa nthawi imene afuna. Makampani a kanema anagwiritsa nchito mphamvu imeneyi pa macenjezo oletsa kukopera mwakuba, ndipo ena anaifutukulira ku zotsatsa malonda, ogula nadandaula. Sindikana kuti mmisiri alembe dzina lake pa nchito yake. Ngakhale wosoka suti amasokerera kansalu ka dzina m'kati mwa jekete. Koma amakasokerera m'kati, osati pa cifuwa. Masekondi asanu akwana, kapena dzinalo lidikire kumapeto. Banja linalipira kuti lione ana ao.

Nchito yotopetsa koposa ndi imene siioneka. Batani lililonse liyenera kuuzidwa anansi ake anai, wa pamwamba, wa pansi, wa kumanzere ndi wa kumanja, ndipo gawo lililonse la vidiyo liyenera kuuzidwa kopita likatha, kaya ku gawo lotsatira kapena kubwerera ku menyu. Wokonza akayesa cimbale pa kompyuta yokha, mausi imalumpha kufika paliponse, ndipo sazindikira kuti pali batani lina limene rimoti singalifikire konse.

Zimenezi zimakhudza makwaya athu kwambiri. Ambiri a ife taponyapo ndalama m'mbale kuti kwaya ya pa parishi ijambule cimbale, aimbi atavala yunifomu yatsopano, ataimirira pa thanthwe kapena m'mbali mwa mtsinje tsiku lonse pa dzuwa. Pa cimbale cotere nyimbo iliyonse iyenera kukhala gawo lake, dzina lake lolembedwa moona, ndipo batani loonetsa nyimbo zonse likhale loyamba, lowala kale, kuti agogo akadina kamodzi nyimbo ziyambe. Ndipo pali cimodzi cimene cimandidabwitsa. Kwaya iimba m'Cinyanja, m'Cinsenga kapena m'Citumbuka, ogula ndi anthu a zinenero zomwezo, koma menyu yonse ili m'Cingerezi. Pulogalamu siikana mau akuti "Onerani zonse" kapena "Sankhani nyimbo". Amene sanawalembe ndife.

Pali nkhani ya malo. Cimbale wamba cimalowa 4.7 GB, kutanthauza pafupifupi maola awiri a vidiyo yooneka bwino. Maukwati athu, monga mudziwa, sakwana m'maola awiri. Wojambula akakanikiza maola anai m'cimbale cimodzi, naonjezapo mamenyu oyenda angapo, cimene cimalipira ndi nkhope za anthu, zimene zimasweka kukhala timabokosi makamaka povina. Zimbale ziwiri za menyu yoima ziposa cimodzi ca nkhunda zouluka. Ngati mwalemba wojambula nchito, musanapereke ndalama yotsiriza onerani zimene wakonza pa TV ya kunyumba kwanu, rimoti ili m'manja mwa wamkulu wa onse, ndipo werengani maina limodzi ndi limodzi. Dzina la nkhoswe likalakwika pa zimbale makumi asanu, mlandu wake sutha msanga.

Cimbale cikupita, luso latsala

Nyengo ya DVD yapendeka. Blu-ray, imene inabwera mu 2006, inalola kuti menyu itseguke pamwamba pa kanema ali m'kati moseweredwa, koma anthu anali atayamba kale kuyang'ana ku intaneti. Apple inaleka pulogalamu yake yokonzera zimbale ya DVD Studio Pro mu 2011, ndipo Adobe inatulutsa Encore yotsiriza mu 2012. Netflix, imene inayamba malonda ake potumiza zimbale pa positi ku America, inatumiza cotsiriza mu 2023. Ojambula ambiri lero amapereka nchito pa fulashi, kapena kuiika pa YouTube ndi Facebook.

Komabe mafunso a womanga khomo sanasinthe. Dzina lolembedwa m'munsi mwa munthu wolankhula liyenera kukhala nthawi yokwana kuliwerenga kawiri. Pa foni m'mphepete mumabisikanso, tsopano osati ndi cimimba ca TV koma ndi timabatani ta pulogalamu. Kuyambira mu 2020 YouTube imalola kugawa vidiyo m'zigawo: mumalemba nthawi ndi mutu wa gawo lililonse m'mau ofotokozera, kuyambira pa 0:00, zigawo zosacepera zitatu. Imeneyo ndi menyu yomwe ija, yabwera itavala malaya ena, ndipo pa Misa ya maola atatu ya kudzoza ansembe ndi cifundo cacikulu kwa woonera.

Inu amene muli ndi zimbale m'masutukesi, dziwani kuti cimbale cooca pa kompyuta sicifanana ndi ca ku fakitale. Uthenga wake umalembedwa pa utoto wopyapyala umene umaonongeka ndi dzuwa ndi kutentha. Cikopereni cikali kuwerengeka. Ndipo pokopera musatenge vidiyo yokha, tengani foda yonse yochedwa VIDEO_TS, pakuti menyu ndi zigawo zili momwemo. Pulogalamu yaulere ya VLC imatsegula zonse monga zinalili.

Ndi zimene mdzukulu wa azakhali anacita madzulo omwewo pa kompyuta ya kusukulu kwao. Tinayesanso rimoti, tikuwerenga mokweza, mpaka tinapeza kuti Misa ili pa batani lacitatu. Mnyamatayo anatenga colembera nalemba pa cikuto ca cimbale ndi zilembo zazikulu kuti: dikirani nkhunda zipite, dinani pansi kawiri, kenaka pakati. Azakhali anaonera malumbiro kawiri. Ulendo waciwiri anaimitsa cithunzi pamene kamera inatembenukira ku benci loyamba, nasendera pafupi ndi galasi, natiloza malemu amuna ao atavala jekete la bulauni limene anabwereka tsikulo.